Mpunga wa Agogo ndi Lole Yopanda Chiwongolero

Inu amene mwayamba kunditchula kuti NyaKatani, amene mukandiona ndikubwera kumjigo mumatsinana m'nthiti, khalani pansi ndikuuzeni ndekha mmene zinayendera, chifukwa amene akuifalitsa nkhaniyi akuithira mchere wosayeza. Ena akuti ndinaluma wapolisi. Sindinamulume. Ndinangomukwapula, ndipo ngakhale pamenepo chifukwa chake chilipo.

Ine Lusungu ndinakulira m'manja mwa agogo anga a NyaMsiska, pafupi ndi mphambano yolowera ku Wovwe, ndipo anandilera ndi zinthu ziwiri, mpunga ndi zilape. Agogo sakuponyera chilape kuti usangalale ayi, amakuponyera uli ndi ndowa pamutu, ukalephera amakuseka njira yonse mpaka kukatula. Chibadwire sindinawagonjetsepo. Ndiye mutu wanga unazolowera kuti chilichonse chimene ndaona ndichisandutse chilape, moti ndikhoza kuima ndikuyang'ana nyerere mpaka madzi a pamoto kuphwa.

Tsono mpunga. Agogo ali ndi mbewu yawoyawo, si ija amagawa alangizi kusikimu ya mpunga wothirira, koma wonunkhira uja woti ukauphika anthu a kutsidya kwa msewu amakumbuka mwadzidzidzi kuti ndinu achibale. Anabwera nayo kuchokera kwa amayi awo pamene ankakwatiwa. Chaka chatha madzi anatilowera m'munda, tinangopulumutsa ndowa imodzi yokha, ndipo agogo anailetsa ngakhale pa Khirisimasi. Amati, "Imeneyi ikatha, mtundu watha." Mwatsoka denga linadontha, mbewu ija inachita chinyontho, ndipo inafunika dzuwa lisanafike tsiku lofesa panazale.

Kwathu kuno aliyense amadziwa kuti palibe mphasa yoposa tala. Umasesa m'mphepete mwa msewu, kuyala mpunga mopyapyala, dzuwa la Karonga likamenya pamwamba, tala imawotcha pansi, pofika masana wauma gwa. Ndipo ntchito ya mlonda ili ndi lamulo lake limene ngakhale mwana wa sitandade wani amalidziwa. Galimoto zimayenda kumanzere. Nyumba yathu ili mbali ya kumapiri, ndiye galimoto za mbali yathu zimachokera ku Chilumba. Mlonda amakhala moyang'ana ku Chilumba, nsana atalozetsa ku Ngara, akaona galimoto amaimirira n'kukupiza nthambi, dalaivala amapatukira pakati pang'ono, nkhani yatha. Za kumbuyo si zako, zimenezo zimadutsa mbali ya kunyanja.

Zinali choncho mpaka pamene malole achilendo anayamba kutsika kuchokera kumalire. A ku Tanzania alibe vuto, amayenda ngati ife. Koma pali ena ochokera maiko a kuseri kwake, kumene akuti amayenda kumanja. Ameneŵa akakhala pa boma, pomwe pali galimoto zina zowakumbutsa, amayenda bwinobwino, koma akangofika kuno kopanda anthu, dzuwa lili paliwombo, manja awo amabwerera kwawo. Lole imodzi yotere inaphwanya ngolo ya a Gondwe oyandikana nafe, ng'ombe yawo inathyoka mwendo mpaka anaipha, lole osaima n'komwe. Ndiye tandiuzeni anzanga. Kumalire kuja timamva kuti dalaivala akabwera ndi tsitsi lalitali amamukhazika pampando n'kumumeta pomwepo, thalauza likatambalala kumiyendo amaliyeza. Nanga munthu amene ali ndi nthawi yoyeza thalauza, angasowe nthawi yofunsa kuti dzanja lako lamanzere ndi liti?

Tsiku limenelo agogo anayala okha mbewu ija, n'kundipatsa nthambi ya bulugama.

"Lusungu, maso pa mpunga. Nkhuku, mbuzi, galimoto. Zilape uzisiye m'nyumba."

"Ndamva, agogo."

"Wamva ndi makutu ati? Aja unamvera tsiku unapsereza nyemba?"

Ananyamula khasu kupita kukakonza nazale. Ine ndinakhala pa mwala wanga, nkhope ku Chilumba monga mwa lamulo, ndipo kunena zoona poyamba ndinagwira ntchito, nkhuku ziwiri zikhoza kundichitira umboni. Koma dzuwa litakwera, tala inayamba kunyezimira patali ngati pali madzi, ndipo chilape chinangobwera chokha: mtsinje wanga ndimauona patsogolo, ndikafikapo waphwa. Ndinati ichi ndiye chigwetsa agogo. Ndinayamba kuchisema, kuchotsa liwu ili, kuikapo lija, ndikuona kale nkhope yawo ikukwinyika, akukanda kumutu, akupempha kuti ndiwauze yankho.

Phokoso ndinalimva, sindikana. Linkachokera kumbuyo, ku Ngara. Koma kumbuyo si kwanga, ndicheukirenji?

Chimene ndinazindikira ndi chimphepo chotentha chikundivula duku, ine chagada m'ngalande, miyendo m'mwamba, ndipo pamwamba panga pakudutsa chilole chachitali ngati sitolo zitatu zolumikiza. Chinadutsa mbali yathu, anzanga. Mbali ya kumapiri, pamwala pomwe ndinakhalapo. Nditadzuka ndinaona mizere iwiri yakuda itang'amba mpunga wa agogo kuyambira uku mpaka uko, njere zina zikudumphabe.

Ndikanakhala mwana wa nzeru ndikanasesa, n'kukhalanso pansi, chifukwa kunena chilungamo mpunga wambiri unali wosakhudzidwa. Koma ndinamva mabuleki akulira, ndipo nditakweza maso ndinaona lole ija ikuima pa tiyirumu ya a NyaMhango, mtunda woti ukakuwa munthu amayankha. Ndinaganiza za ng'ombe ya a Gondwe. Ndinaganiza za ine ndemwe, kuti ndikanakhala wonenepa pang'ono bwenzi anthu akukhoma bokosi. Ndinati lero lokha mmodzi wa iwo amva.

Aphunzitsi anatiuzapo kuti mlandu wopanda umboni ndi miseche. Ndiye ndinamasula chitenje changa, kuchiyala, kukokolola ndi manja awiri mpunga wonse wa m'mizere yakuda ija, kumanga mfundo, nthambi m'dzanja, liwiro. Mbuzi za a Gondwe zinali pansi pa mtengo wa mango. Ndinazidutsa. Zinandiyang'ana, ine ndinaziyang'ana, ndipo mutu wanga uwu, umene umatha kupeza chilape mu nyerere, sunanene kanthu.

Nditafika ndinalunjika kuchitseko cha kumanja, kumene amakhala dalaivala wa galimoto iliyonse imene ndinaionapo chibadwire. Chitsekocho chinali kumwamba ngati nkhokwe. Pambali panaima kabambo kakafupi, malaya othimbirira, kakudya nthochi mwaulemu, ndipo ndinangoti ndi mmodzi wa aja amacheza pa tiyirumu kudikira wowagulira tiyi.

"Bambo, tandigwirireniko katunduyu. Musamasule, ndi umboni."

"Sawa, dada," anatero, n'kulandira ndi manja awiri. Chiswahili kuno sichidabwitsa munthu, ndiye sindinaganize kanthu. Ataona kuti phazi langa silikufika pachopondera, anapinda bondo lake kuti ndipondepo. Ndinamuthokoza. Mumve bwino pamenepo, ndinamuthokoza.

Nditatsegula chitseko ndinapeza chibambo chachikulu chili mu vesiti, mapazi chitasanjika kutsogolo pagalasi, thawulo kumaso, chikuliza mkonono. Pambali pake panali mkoko wa nthochi ndi thumba la usipa, zitaunjikana mpaka pafupi ndi denga. Inu mukanatani? Munthu watsala pang'ono kukupha, injini isanazizire n'komwe, iye ali kale kumaloto. Ndinati ndiye kuti amayendetsa ali m'tulo chichokere ku Ngara.

Nthambi ya bulugama inatsika pa miyendo. Inatsikanso. Ndinkafuna kumukalipira m'chilankhulo chimene angamve, koma Chiswahili changa ndi cha pamsika, ndiye ndinamulalatira ndi mawu ogulira sopo, kenaka ndinatembenukira ku Chitumbuka, kumene ndili ndi katundu wokwanira.

Thawulo linagwa. Maso ofiira anandiyang'ana.

"Iwe mwana, wapenga? Ukumudziwa amene ukumumenyayu?"

Chichewa chosalala, cha ku Dedza kwenikweni, choposa cha aphunzitsi athu. Mukuganiza kuti ndinadzidzimuka? Ndinapsa mtima kuwirikiza.

"Eya, Chichewa mwaphunzira mpaka mwatiposa eni dziko, koma kumanzere kokha ndiye kukukanikani? Kwanu kulibe ng'ombe? Kulibe agogo?"

Anayesa kutsitsa miyendo, ine ndinaganiza kuti akufuna kuliza galimoto athawe monga anachitira wa ngolo uja. Ndinaponya dzanja kuti ndigwire chiwongolero. Dzanja linagwira mphepo. Ndinapapasa. Panalibe kanthu, chibokosi chabe cha mapepala ndi makoko a mtedza.

Pamenepo anthu anali atadzaza kale, a pa tiyirumu, a pa matola, azimayi ogulitsa nsomba. Ndinatembenuka, dzanja limodzi pachitseko, ngati wa chipani pa msonkhano.

"Anthu inu, bwerani mudzaone. Lole iyi ilibe chiwongolero. N'chifukwa chake zikutithera ng'ombe, zimangoyenda kumene zafuna."

Ndipo ndinawerama kusuzumira pansi pa miyendo ya bambo uja. "Mwachibisa kuti? Tulutsani."

Ndi pamene ndinamva mawu a NyaMhango pansi, otsika, m'Chitumbuka: "Lusungu, khira, mwana iwe. Mbapolisi awo." Akuti tsika, amenewo ndi apolisi.

Bambo uja anapisa dzanja kuseri kwa mpando, natulutsa malaya a yunifolomu, nawavala batani ndi batani osachotsa maso pa ine. Anatulutsa chipewa. Kenaka anakankhira kumbuyo mkoko wa nthochi uja, ndipo kuseri kwake, kumanzere kwenikweni, kumene kwathu kumakhala wokwera, kunali chiwongolero chachikulu ngati lichero, chili phee. Zoti kwawo amayenda kumanja ndinkazidziwa. Zoti ngakhale chiwongolero anachiika mbali yolakwika, anandiuza ndani?

Anali wapolisi wa pa rodibuloko ya kumwera kwathu, amachokera ku boma kubwerera ku ntchito, anangopempha lifiti. Munthu amene ntchito yake ndi kuimitsa malole n'kuwakumbutsa mbali yoyenda, anadutsa mtunda wonsewo ali m'lole yoyenda mbali yolakwika, thawulo kumaso.

"Nanga dalaivala ali kuti?" Mawu anga anatuluka ngati a mwanapiye.

Anthu onse anatembenuka. Kabambo kaja kanali pomwe ndinakasiya, katafukata mtolo wanga ngati khanda. Kanakweza dzanja limene linali ndi khoko la nthochi.

Kutsika kunali kovuta kuposa kukwera, ndipo ananditsitsa ndi dalaivala yemweyo. Bwana wapolisi anatsika pambuyo panga akutsimphina. Ndinkayembekeza kuti ayamba ndi za miyendo yake, koma maso ake anatsikira pansi n'kuima. Nanenso ndinayang'ana. Chitenje changa chinali m'manja mwa dalaivala, ndipo ine ndinali mu kadiresi kanga ka sitandade sikisi, kamene kanasiya kukula pamene ine ndinkapitiriza.

"Mawondo awa ndi a ndani?"

"Anga, bwana."

"Lamulo la kavalidwe sukulidziwa? Pa msewu wa boma, masana, pamaso pa alendo a kunja?"

Apa ndiye pamene ndikanatseka pakamwa. Koma taganizani, lole yayenda mbali yolakwika kuchokera kaya kuti, palibe waiona, mawondo anga angotuluka kanthawi kochepa lamulo lafika kale.

"Bwana, mawondo anga sanaphepo ng'ombe ya munthu."

A NyaMhango sanadikire. Anathothola katani ya pakhomo la tiyirumu, ija ya maluwa ofiira yonunkha mafuta a mandasi, n'kundikulunga nayo kuyambira m'khwapa mpaka kuzidendene, waya wake ukulendewerabe kumbuyo ngati mchira.

"Mukhululukireni bwana, ndi wamasiye, dzuwa lamuwomba," anatero, uku akunditsina.

Bwana anapumira m'mwamba. "Chabwino. Nena mlandu wako. Lole yachita chiyani?"

"Yayenda kumanja, yaponda mpunga."

"Mpunga unali kuti?"

"Pa tala."

"Pa tala. Anayanika mpunga pa msewu wa boma ndani?"

"Agogo anga a NyaMsiska, nyumba ya pafupi ndi mtengo wa mango."

Ndinamva anthu akubuula onse pamodzi. Aliyense amene anaima pamenepo amayanika pa tala, ndipo aliyense amadziwa kuti n'zoletsedwa, kungoti palibe anapitapo yekha kukadzinenera kwa wapolisi, n'kulozanso nyumba.

"Nanga inu bwana simunaone kuti akuyenda kumanja?" ndinafunsa, pofuna kubweza nkhani kumene inachokera.

"Ofunsa mafunso pano ndine."

Dalaivala anayamba kulankhula mofatsa, akuloza msewu, akumenya dzanja lake lamanja ngati mwana wosamvera. A NyaMhango anamasulira kuti akuti pepani, msewu unali wopanda kanthu, dzanja linaiwala. Dzanja linaiwala. Ine ndikaiwala nyemba pamoto nkhani imafika chaka, iye akaiwala dziko limene alimo akuti pepani.

"Tiyeni tikaone pamalopo," anatero bwana.

Tinanyamuka. Patsogolo wapolisi akutsimphina, pambuyo pake ine mu katani, waya ukukwekwereza fumbi, kenaka dalaivala ndi mtolo, kenaka mudzi wonse. Ndili m'njira ndinkakonza mawu, ndimvekere apa ndi pamene tayala linalowera, apa ndi pamene ndinagwera. Titayandikira ndinayamba kuona misana. Yoyera, yakuda, yamawanga.

Mbuzi za a Gondwe zinali zitaitana ndi anzawo. Tala inali mbee ngati mbale yotsuka, imodzi ikunyambita mng'alu womaliza, nkhuku zikutolera za m'mphepete. Ndipo pambali panaima agogo, khasu paphewa, osathamangitsa mbuzi, chifukwa panalibenso chothamangitsira.

Ndowa yonse. Mbewu imene inapulumuka madzi osefukira, imene inapulumuka Khirisimasi, imene ngakhale lole inangoidula pang'ono. Ndinamva mawu aja m'mutu, mtundu watha, ndipo amene anaumaliza si mlendo wa kumanja ayi.

"Mayi, ndinu a NyaMsiska? Mwayanika mpunga pa msewu?" anafunsa bwana.

Agogo anayang'ana tala. Anayang'ana mbuzi. Anayang'ana ine, kuyambira kumutu mpaka ku waya. Kenaka anayankha m'Chichewa chawo chokhota chija.

"Mpunga uti, bwana? Ine nkhuona mbuzi."

Bwana anayendayenda, akufuna njere, akufuna mapazi a matayala. Koma mizere ija inali mu mpunga, ndipo mpunga unali m'mbuzi.

"Palibe mpunga, ndiye mayi mulibe mlandu. Palibe mapazi a lole, ndiye dalaivala alibe mlandu. Watsala wa mawondo ndi wa miyendo yanga."

A NyaMhango anagwada pang'ono, mawu okoma ngati tiyi wa mkaka. "Tikachitira umboni bwana, musadandaule. Kungoti mutiuziretu, akakatifunsa kuti mwanayu anakupezani mukutani m'lole muja, tikayankhe kuti chiyani?"

Bwana anakonza chipewa chake. Anachikonzanso. Anati mwana ameneyu mumulangize, ndipo mumugulire diresi.

Ine ndinali nditayamba kale kulira, kulira konyansa kuja kwa mamina, ndikupukutira katani ya eni ake. Ndi pamene dalaivala anasendera kwa agogo, nawerama, napereka mtolo uja ndi manja awiri. "Pole, mama," anapepesa m'Chiswahili. Mfundo inali momwe ndinaimangira. Agogo anamasula. Munali mpunga wodzaza lichero, wina wosweka, wonunkha tayala, koma wambiri uli ndi makoko ake bwinobwino.

"Nanga umenewo?" anafunsa bwana.

"Ngwa mlendoyu. Wandipatsa," anayankha agogo.

Agogo anatola njere imodzi, kuiluma, kugwedeza mutu. Anagwira dzanja la dalaivala, lomwe lija loiwala. "Yewo, dada, zikomo. Pa anthu onse ali pano, mlonda ndiwe." Ndipo anandituma ine, ine amene ndinagwera m'ngalande, kuti ndikathyole mango okapatsa munthu amene anandigwetseramo. Ndinakathyola. Mu katani.

Tinawaperekeza mpaka pa tiyirumu, ndipo lole itanyamuka tonse tinaima kuiyang'ana. Inalowa mu msewu mwaulemu, n'kukhazikika bwinobwino kumanja. Mudzi wonse unakuwa, "Kushoto! Kumanzere!" mpaka inakhotera mbali yake ngati ng'ombe yokwapulidwa. Pagalasi la kutsogolo, mbali imene kulibe chiwongolero, mapazi awiri a bwana anali atakwera kale.

Mbewu ija inamera, ngakhale nazale yake inali ya mipatamipata ngati mutu wa chipere. Tsiku lookera, ndili m'matope pakati pa azimayi a m'mudzi, ndinati ndipukute manyazi, ndinaponya chilape changa chija cha mtsinje. Agogo anachiyankha ndisanamalize, osaweramuka n'komwe. Kenaka anati, "Chilape."

"Nachize," anayankha azimayi.

"Mlonda wanga anathamangira njovu, nasiyira mbuzi nkhokwe, nabwera atavala khomo la eni ake."

Chibadwire, chimenecho ndicho chilape choyamba cha agogo chimene ndinadziwa yankho lake pomwepo. Sindinapatsidwe mpata. Munda wonse unayankha pamodzi, mpaka a m'munda woyandikana nawo.

Malole aja akudutsabe, ndipo ena manja awo akuiwalabe, kumalire akumetabe tsitsi. Ine masiku ano ndikamalondera mpunga ndimakhala chammbali, diso lina ku Chilumba, lina ku Ngara, khosi limachita kuwawa. Ndipo ndalumbira pa mbewu ya agogo: chitenje changa sichidzachokanso m'chiuno ngakhale umboni utakhala wa golide, ndipo ndisanakwapule munthu aliyense m'lole, ndiziyamba ndaizungulira kaye, ndione kumene aika chiwongolero.